Madoko Awiri a Che Bwanausi

Amuna anga, Che Bwanausi, anali ndi akazi awiri ndi bwana mmodzi. Akaziwo tinali ine Mastura, wamkulu, ndi mnzanga Zakiya, wamng'ono. Bwanayo anali mphepo. Ife tikamalankhula, bambowo ankamva ndi khutu limodzi, maso ali pa matchera omwe akusoka. Koma mphepo ikangotsokomola, ankadzuka n'kuyamba kumanga katundu.

Kwathu ndi pa Naminga, kachilumba ka m'nyanja ya Chiuta. Mukaima ku gombe la kumtunda kunja kutayera bwino, kamaoneka ngati ng'ombe yogona m'madzi. Pakati pake pali phiri la miyala ndi minga. Kum'mawa ndi kumadzulo kuli bango ndi matope oti mukapondamo mumamira mpaka m'chiuno, misundu n'kukulandirani ndi manja awiri. Pokocheza bwato ndi pawiri pokha. Chakumpoto kuli doko lomwe timati Kumkuyu, kumene ine ndinabadwira. Chakummwera kuli lina, Kumilaza. Onse awiri ali ndi mchenga woyera, ndipo miyala imatulukira m'madzi uku ndi uku n'kusiya kakhomo kolowera bwato.

Kuipa kwake, madokowa sakoma nthawi imodzi. M'nyengo yozizira, mwera ukayamba kuwomba, phiri limatitchinga ife a Kumkuyu. Madzi amagona phee, ofunda, osaya, moti umayenda mpaka kutopa akadali m'mawondo, tinsomba tikukugirigisha zala za kumapazi. Matemba amauma pathandala opanda kamchenga n'kamodzi komwe. Nthawi yomweyo Kumilaza kumakhala nkhondo. Mafunde amamenya miyala ija usana ndi usiku, ndipo bwato loyesa kulowa pakakhomo limasanduka nkhuni. Mvula ikayandikira mphepo imatembenuka, mpoto n'kuyamba. Apo Kumilaza kumakoma, ife n'kulandira zathu: mchenga m'maso, m'ndiwo, m'mano momwe.

Choncho asodzi a pa Naminga amasamuka ndi mphepo. Ena amasamutsa banja lonse, mbuzi ndi nkhuku zomwe. Che Bwanausi anaona kuti zimenezo n'zotopetsa. Anawoloka kupita kumtunda, kumudzi wina kuseri kwa Chiuta, anakapempha mtsikana kwa amjomba ake, a Hussein, n'kudzamumangira nyumba Kumilaza. Basi, doko lililonse ndi mkazi wake, moto woyaka kale, madzi osamba ofunda kale.

A shehe athu anawaitanira pambali tsiku lina la Ijumaa potuluka mumzikiti. Anawakumbutsa kuti mwamuna wa mitala amagawa masiku mofanana, lero uku mawa uko. Che Bwanausi anayankha mofatsa monga amachitira nthawi zonse.

"Shehe, chaka anachigawa kale pakati Mwini wake. Theka mwera, theka mpoto. Ine ndine yani kuti ndigawenso?"

A shehe anakanda ndevu, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ine poyamba ndinapsa mtima, sindibisa. Sabata ya ukwatiwo ndinaswa mphika wabwinobwino, ndipo wofuna kundipatsa moni ankayamba wayang'ana kothawira. Koma mpoto utawatenga bambowo kupita nawo kuseri, ndinadzuka tsiku lina n'kupeza kuti ndagona chopingasa pamphasa, palibe wondilizira mkonono m'khutu, palibe wofunsa kuti shuga watha bwanji. Ndinathira matemba anga m'matumba, kuwoloka, ulendo wa ku Entre Lagos. Kumeneko ndinagulitsa kwa amayi otsika komboyo, sitima ya pamtunda ija, ndi ena ochokera ku Malawi, ndikugona kwa mwana wanga Jabiri, yemwe amasoka zovala pafupi ndi msika. Ndinabwerako nditanenepa, kapulana yatsopano ili m'chiuno. Chiyambire pamenepo, mpoto ndinkaudikira ngati Idi.

Ndi Zakiya tinadziwana chifukwa cha njira ya paphiri. Njirayo ilipo, musaganize kuti chilumba chathu n'chachikulu. Ukanyamuka utateleka nyemba umabwerako zisanapse. Koma ndi njira ya akazi. Imadutsa pa dziwe la m'miyala pomwe timasamba ndi kuchapa, ndipo mwamuna wofuna kudutsa ayenera kuima patali n'kufuula kuti, "Odi kumadziko!" Akazi amavala mosafulumira, kwinaku akumufunsa kuti bwato lake lamwalira liti, kapena wathamangitsidwa ndi mkazi uti. Amuna a pa Naminga amati msodzi weniweni amazungulira pamadzi, woyenda pansi ndi mbuzi.

Tsiku loyamba kukamuona mnzangayo ndinapita nditakonzeratu mawu, ena ondiyenera, ena osandiyenera. Ndinapeza kamtsikana kochepa thupi, kolankhula motsitsa. Anandilandira dengu, anandiyalira mphasa pansi pa milaza, kenako anandiyang'ana m'maso.

"Achemwali, ndifunse nawo. Kodi bambowa mkononowu anabadwa nawo, kapena anachita kuphunzira?"

Tinaseka mpaka kugwirana. Kuyambira tsikulo tinkabwerekana mchere, sefa ndi nkhani. Ndinazindikiranso msanga kuti kufatsa kwakeko n'kwapakamwa pokha. Akanena kuti ayi, ngakhale mubwere ndi ng'ombe zokoka, sasuntha.

Chaka chomwe ndikunenachi, mwera unawabweretsa Che Bwanausi kwa ine atamusiya Zakiya ali ndi pakati. Tonse tinkaganiza kuti pofika nthawi yake mphepo idzakhala itatembenuka, ndipo bambowo adzamuwolotsa kukachirira kuchipatala. Koma mwana anafulumira, mwera nawo unachedwa. Nyenje zinayamba kulira, mango kupsa, kunja kutentha koopsa, mwera uli chiwombere. Unali ngati mlendo amene wapeza ndiwo zabwino.

Tsiku lina m'mawa mayi Safiya, mmodzi mwa anthu ochepa omwe amatsalira Kumilaza nthawi ya mwera, anaima pamwamba pa phiri n'kukuwa dzina langa. Ndinasiya matemba pathandala, liwiro. Ntchito yomuchiritsa Zakiya tinaigwira awiri, mafunde akuphulika panja ngati akufuna kulowa nawo, ndipo dzuwa lisanapendeke kunabadwa mwana wamkazi wa mawu ngati anga. Azana, mawu a pemphero aja amanong'oneza bambo m'khutu la mwana wongobadwa, ananena ndi amuna a mayi Safiya, nkhalamba yogontha yomwe inakuwa m'malo monong'ona. Zakiya anaseka, kenako anatembenuka n'kuyang'ana kukhomo.

Nditabwerera n'kuwauza, Che Bwanausi anasangalala zenizeni, pamenepo sindiwanamizira. Anathokoza Mulungu mokweza, anavina pamchenga ngati mnyamata, anagawira anzawo makumba aulere. Mawa lake anagula kwa wamalonda wina kapulana, sopo ndi kachipewa ka mwana. Anazimanga bwinobwino n'kuzipachika kudenga.

"Nanga mwazipachikiranji?" ndinafunsa.

"Mphepo ikangotembenuka, ndikapereka ndi manja anga."

"Bambo a Jabiri, mwana ali kuseri kwa phiri ili. Phiri lomwe mukulionali."

"Ine Bwanausi, ndi imvi izi, ndikaime pa dziwe ndikufuula odi? Mwera uwu watha, Mastura. Taonani mitambo. Mawa kapena mkuja. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Nkhonoyo sinatsegule maso. Mawa linafika, mkuja nalo linafika, mwezi unaoneka n'kufa. M'mawa uliwonse bambowo ankanyowetsa chala ndi malovu n'kuchiimika m'mwamba, kenako n'kupukusa mutu ngati mphepo yawanamiza dala. Ndipo poti nthawi yawo yokhala kwa ine inali itapitirira, anayamba kundikwana. Ankandiphunzitsa katembenuzidwe ka matemba, ine wobadwira pathandala. Ankalawa ndiwo zili pamoto. Tsiku lina anandifunsa chifukwa chomwe ndimasesera kuyambira kumanzere. Matumba anga a ku Entre Lagos anali atadzaza kale, akungondiyang'ana pakona.

Uku Zakiya anadikira kuti bambo abwere adzatchule dzina la mwana. Atatopa anatchula yekha: Bahati. Ndinkapita kukawaona pafupipafupi, ndipo tsiku lina ndinamupeza atakhala kuseri kwa nyumba, kobisalira mphepo, akuyamwitsa. Mchenga unkaluma miyendo, milaza ikupokosera, thovu la mafunde likufika mpaka pomwe amayanika zovala. Bahati anali atayamba kumwetulira anthu.

"Tiye Kumkuyu," ndinatero. "Ndikuberekera mwanayu. Akamuone bambo ake, nkhani ithe."

"Ndikamuonetse ngati mlamba wogulitsa? Ayi, achemwali." Anamusinthira mwana bere lina. "Dzulo ndinakwera paphiri, paja pamagwira rede ya foni, ndinaimbira amjomba. Abwereka boti la motoro. Akuti madzi akangobata abwera kudzatitenga, ine, mwana, bedi ndi mbiya zanga."

Bata lomwe ankadikira Che Bwanausi ndi lomwelo ankadikira a Hussein. Boti lonyamula bedi silikanalowa pakakhomo paja mafunde ali chonchi, ndipo bedi silikwera phiri.

"Nanga bambowo akabwera?"

"Akabwera mafunde akadali chonchi, kaya pamadzi kaya pansi, ndimasula katundu. Akabwera ndi bata, ndiye kuti atsatira doko. Dokolo ndiwasiyira, si langa."

Pobwerera ndinkaopa zinthu ziwiri. Choyamba n'chochititsa manyazi, koma ndinena: kukhala ndi Che Bwanausi chaka chathunthu, mwera ndi mpoto womwe, mpaka imfa. Chachiwiri ndicho chinali chachikulu. Mtsikanayo ndinkamukonda. Alongo anga onse ndi aamuna, ndipo mng'ono wanga ndinamupeza mochedwa, kudzera m'khomo lomwe sindinkaliyembekezera. Kuganiza zoti ndizikwera phiri lija n'kupeza nyumba yotseka kunkandiwawa.

Ndinawauza bambowo zonse, mawu ndi mawu, osathira shuga. Anamvetsera ndi makutu onse awiri, koyamba chikwatirane. Kenako nkhope yawo inawala.

"Hussein? Wolima nandolo uja? Iye ali kutsidya, ine ndili kuseri kwa phiri. Mphepo imandiuza ine isanauze munthu aliyense. Ndikafika ndine woyamba, muona."

"Si mpikisano wa mabwato, bambo inu! Akufuna mubwere mphepo isanatembenuke."

"Ndikaswe bwato pamiyala? Ndiye mwanayo adzadya chiyani?"

"Ndiye yendani pansi."

Anatenga sompho n'kuyamba kusema nkhafi yatsopano, yopepuka, yothamangira. Anamata ming'alu ya bwato ndi phula, anapala pansi pake mpaka kusalala. Anzawo ankabwera kudzayamikira. Ine ndinkayang'ana ndili chiimire, manja ali m'chiuno, ndikudabwa kuti munthu wodziwa kuwerenga mitambo angalephere bwanji kumva Chinyanja chapafupi chotere.

Ndinasiya kuwaphikira tiyi. Ndinkawatsina khutu m'mawa, masana, ngakhale ali pakati pa anzawo. Potsiriza, tsiku lina dzuwa lili paliwombo, asodzi onse atagona pansi pa mkuyu, ndinaona bambo akuvala kofiya. Anatsitsa kamtolo kaja kudenga, anayang'ana uku ndi uku ngati wakuba nkhuku, n'kulowa njira ya paphiri. Ndinawatsatira chapatali, ndikunamizira kutola nkhuni.

Anakwera bwino ndithu, kuposa momwe ndinkaganizira. Anadutsa pamiyala yoterera, anadutsa pamthethe waukulu, mpaka anafika pa thanthwe lomwe amaimapo amuna. Kumunsi kunkamveka kuchapa ndi phwete. Mwatsoka, tsikulo kunali Rabeca, mkazi wa pakamwa posatseka, yemwe akakuseka lero nyimbo yake imafika ku Entre Lagos iwe usanafike. Che Bwanausi anakonza kofiya. Anatsokomola pang'ono. Anatsegula pakamwa, ine n'kugwira mpweya. Pomwepo Rabeca anaseka chikhakhali, za nkhani zawo zina, ndipo pakamwa pa bambo panatsekeka. Anaima pamenepo nthawi yaitali, kamtolo kali kukhwapa. Kenako anatembenuka, n'kukumana nane maso ndi maso.

"Munga wandibaya," anatero.

"Phazi liti?"

Anayang'ana mapazi onse awiri, akusankha.

"Imani pomwepo," ndinatero. "Ndipite ndikawachotse akaziwo, mudutse popanda wokuonani."

"Ndiye chilumba chonse chidziwe kuti Bwanausi anachita kulambuliridwa njira ndi mkazi wake? Ayi. Mphepoyi yatopa, Mastura. Simukumva? Yatopa."

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna," ndinatero, koma anali atayamba kale kutsika, akutsimphina phazi lomwe anasankha lija.

Mphepo inali itatopadi, pamenepo sananame. Patangopita masiku ochepa, kunacha kuli zii, masamba a mkuyu osagwedezeka. Ndisanamalize kusukusula ndinamva kamphepo kofunda pankhope, kochokera kumpoto, ndipo timafunde tinayamba kunyambita mchenga wathu. Che Bwanausi anali ataswali kale. Anavala mkanjo woyera wa pa Idi, anadzola mafuta onunkhira, anaika kamtolo kaja kutsogolo kwa bwato. Pokankha, funde linawanyowetsa mpaka m'chiuno, koma ankangoseka.

"Mukamuuze Hussein kuti tiyi akamwera kwanga!" anakuwa, nkhafi yatsopano ikung'anima.

Kuzungulira Naminga pabwato si pafupi. Bango lija limatambalala, ndipo uyenera kulipatukira kutali, kupalasa mpaka mapewa kuwawa. Ine ndinamanga kapulana zolimba n'kuthamangira phiri. Pa msinkhu wanga, ndinafika pamwamba ndikupuma ngati mvukuto.

Kumilaza kunali kosazindikirika. Madzi ali phee, oyera, mchenga wa pansi ukuoneka mizeremizere. Gombe linali losalala, lotsukidwa ndi mafunde a miyezi yonse ija, ndipo akakowa ankayenda m'mphepete mosadera nkhawa. Malo okongola choncho sindinawaonepo, ndipo sindinadanepo ndi malo ngati momwe ndinadanira nawo m'mawa umenewo. Pamchenga panali patakocheza kale boti la matabwa, motoro uli kumbuyo, bedi la Zakiya litagonekedwa chagada pakati. A Hussein ndi olima nandolo inde, koma anali atagona ku gombe la kumtunda masiku angapo pamodzi ndi mwini boti, a Feliciano, ndipo ameneyo mitambo amaidziwanso.

Ndinaganiza zowachedwetsa. Ndinagwada n'kupereka moni wautali. Ndinafunsa za amayi kunyumba, za ana mmodzimmodzi, za apongozi, za mwendo wawo womwe unkawawa kale. A Hussein, bambo wamkulu thupi, wa jekete ngakhale kutenthe, ankayankha zonse mwaulemu. Nditatha anthu ndinayamba mbuzi.

"Mbuzinso zili bwino, mayi," anatero. "Zikupereka moni."

"Ndiye simungachoke osamwa tiyi. Mlendo sachoka chimanjamanja pa Naminga."

Ndinakoleza moto ndi nkhuni zaziwisi dala. Utsi unali tolo, madzi osawira. Maso anga anali kum'mawa, kumene bango limathera. Zakiya anandisiya ndichite zonsezo, akulongedza mbiya m'boti, kuika udzu pakati kuti zisagundane. Atamaliza anabwera kudzakhala pafupi nane, utsi ukutiliza tonse.

"Achemwali, lekani kuvutika ndi motowo. Ngakhale atulukire pano tsopano lino, wawabweretsa ndani?"

Ndinasiya kupemerera motowo.

"Anayesa," ndinatero. "Anafika mpaka pathanthwe. Ndinawaona ndi maso angawa."

"Ndinamva. Rabeca anawaona kofiya. Pathanthwe paja ndi pano, mwana akalira amamveka." Anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. "Sindikudana nawo. Ndi munthu wabwino, sanandimenyepo, sanandimanepo kanthu. Koma sindifuna kuti Bahati akule akunyowetsa chala kuti adziwe ngati ali ndi bambo."

Anandipatsa mwana kuti ndimugwirire pokwera boti. Bahati anandigwira mkanda wa m'khosi n'kumwetulira, nkhama zokhazokha. Ndinamununkhiza pamutu. Kunena zoona, anachita kundilanda.

A Feliciano analiza motoro, boti n'kuyamba kusuntha. Litangofika pakakhomo ka miyala, kuseri kwa thanthwe kunatulukira bwato, mkanjo woyera uli m'kati, nkhafi ikugwira ntchito ngati ya mnyamata. Che Bwanausi anaona bedi, anaona mbiya, nkhafi n'kuima m'malere. A Hussein anakweza dzanja, motoro unazima. Madzi anali bata kotero kuti mawu onse ankafika kumtunda ngati akulankhulira pakhonde.

"Salamu aleikumu, Che Bwanausi."

"Aleikumu salamu, amjomba. Mwalawira."

"Talawira ndithu."

Bwato ndi boti zinayandikana mpaka kugundana pang'ono. Che Bwanausi anagwira m'mphepete mwa boti.

"Zakiya, ndabwera."

"Ndakuonani, bambo a Bahati."

Anavundukula nsalu kumutu kwa mwana n'kumutembenuzira kwa iwo. Bambowo anayang'ana, anayang'anabe. Anatambasula chala, chomwe chija ankayesera mphepo, ndipo mwana anachigwira. A Feliciano anayamba kukonza chingwe chomwe sichinasokonekere. Kenako bambowo anakumbuka kamtolo, anakapereka ndi dzanja linalo, konyowa. Zakiya analandira ndi manja awiri n'kuthokoza.

"Tabwerera, mayi," anatero Che Bwanausi. "Taona madziwa. Tikhala bwino mpaka mwera."

"Mpaka mwera," anabwereza Zakiya, mosakweza mawu. "Kwathu mukukudziwa, munabwerako podzandipempha. Simuletsedwa. Koma kulibe doko. Mukatsika pagombe, n'koyenda pansi."

Anamasula chala cha bambo m'dzanja la mwana, pang'onopang'ono. A Hussein anagwedeza mutu, motoro unalira, ndipo boti linatuluka, likusiya timafunde tomwe tinagwedeza bwato la Che Bwanausi kwakanthawi.

Analibe kwina kolowera. Kumkuyu mpoto unali utayamba kale ntchito yake. Anapalasa pang'onopang'ono kulowa Kumilaza, mphuno ya bwato n'kukhudza mchenga, koma sanatsike. Ine ndinali nditasonkhanitsa mawu okwana kuwatukwana mpaka mvula yoyamba. Ndinalowa m'madzi ndi mawu angawo, ndinafika pafupi, ndinawaona nkhope. Anali atakalamba m'mawa umodzi. Chisoni chinandigwira, cha iwo, cha mnzanga, cha ine ndemwe, ndipo mawu onse aja anathawa.

"Mwaona mphuno yake?" anatero. "Ndi ya mayi anga."

"Ndinaiona tsiku lobadwa. Tsikani, tikoke bwato."

Tinakoka awiri mpaka pouma. Anakhala pamchenga, mkanjo wa pa Idi uli nyowe, akuyang'ana kumene boti linkachepera. Kumbuyo kwathu chitseko cha nyumba chinali pululu, ndipo tiyi wanga uja anali atayamba kuwira tsopano, wopanda womumwa. Patapita nthawi anaweramitsa mutu n'kuyang'ana mapazi awo, otuwa, ofewa ndi madzi a zaka zonsezi.

"Mastura."

"Ee."

"Kodi nsapato ndili nazo?"

"Imodzi anadya makoswe. Inayo ilipo."

Anagwedeza mutu ngati ndawauza nkhani yabwino, ndipo ine ndinayang'ana kumbali, poti misozi inali itandipeza.